Njere Yomaliza M'botolo la Khofi

Pa shelefu ya m'kakhitchini ka ofesi ya kafukufuku wa katemera mu mzinda wa Iquitos panali botolo la galasi lomwe kale munali khofi. M'botolomo munali njere zofiira za mtengo wa wairuro, zija amayi amamangirira ana akhanda padzanja kuti diso loipa liwalambalale. Njere iliyonse inkaimira mwana mmodzi amene wadwala malungo a dengue.

Anayambitsa mwambowu anali Nélida Arimuya, katswiri wa masamu pa ofesiyo, ndipo sanauyambitse ndi mtima woipa. Tsiku lomwe labotale inatsimikiza mwana woyamba, iye anali ndi njere zingapo m'chikwama, za mkanda wake womwe unaduka, basi n'kuponya imodzi m'botolomo. Wachiwiri atadwala anaponyanso. Pofika wa khumi anthu anali atayamba kusonkhana kudzaonerera, ndipo pofika wa makumi asanu kunali kuwomba m'manja. Zinthu zambiri zochititsa manyazi zimayamba choncho, pang'onopang'ono, anthu ake ali abwinobwino.

Nanga akanatani? Kafukufuku wa katemera ndi wouma mtima chibadwire. Ana masauzande angapo a m'tauni ndi a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje anabayidwa, theka katemera weniweni, theka madzi amchere, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti uyu walandira chiti, kaya dokotala, kaya kholo, kaya Nélida yemwe. Maere ake anachita ndi makina, zotsatira n'kuzitsekera kutali. Chotsala chinali kudikira kuti udzudzu ugwire ntchito yake. Ana zana akadwala, m'pamene akanatsekula chinsinsicho n'kuona: ngati odwalawo pafupifupi onse ali a madzi amchere, ndiye kuti katemerayo amateteza. Akanatsekula zana lisanakwane, yankho likanakhala la mwina-mwina, ndipo palibe boma lomwe limabaya ana a anthu chifukwa cha mwina-mwina. Nambala ya zanayo anaiwerengetsa ndi Nélida, ndipo ankainyadira ngati mmene mmisiri amanyadira mpando wosagwedera.

Chaka chachinayi chinawachita chipongwe. Mvula inagwa yochepa, a khonsolo anayenda khomo ndi khomo kupopera mankhwala, udzudzu unachepa, ana anasiya kudwala. Tauni yonse inapuma, kupatula ofesi imodzi yokha. Botolo linaima patatsala njere imodzi kuti zikwane zana, ndipo eni ndalama a kunja analemba mwaulemu kuti mwezi wa Juni ukatha atseka zonse, zikwane zisakwane. Ndiye kuti ana onse aja akanakhala atabayidwa pachabe, ndipo zaka zinayi za Nélida zikanapita ndi madzi.

"A Dokotala," anatero Wilder Pinedo wa ku labotale pouza Nélida m'mawa wina akuthira khofi, "ine ndayamba ulimi. Ndatolera matayala akutha kuseri kwa nyumba, ndathiramo madzi. Anzanga akuweta nkhuku, ine ndikuweta udzudzu."

"Tseka pakamwa iwe, anthu angamve."

"Amve! Akazi anga andithamangitsa kale, akuti ndizikagona ndi ziweto zangazo."

Nélida anaseka, pakuti Wilder anali munthu woti pamaliro umakhala naye patali kuopa kuchita manyazi. Koma iye mwini, amene sankanena nthabwala zotere, ankangozindikira waima pawindo akuyang'ana mitambo ngati mlimi. Walira mvula walira matope, ndipo Nélida ankalira mvula tsiku lililonse osafuna kuganiza kuti matopewo adzaponda ndani.

Pakati pa ana masauzande aja panali mmodzi yemwe kwa iye sanali nambala. Briseida, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali mwana wa Zoraida Manuyama, wogulitsa nsomba pamsika wa Belén. Zoraida ndi Nélida anakulira m'nyumba zoyandikana zoyandama pamadzi, ankapita kusukulu m'bwato limodzi, mpaka pamene wina anapitirira ndi mabuku, wina n'kutsala ndi mpeni wotumbulira nsomba. Mwana woyamba wa Zoraida, Ítalo, anamwalira ndi dengue ali wamng'ono, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo Nélida ndi amene anagwira mnzakeyo kumanda kuti asadziponye m'dzenje. Ntchito ya katemerayi anaifunsira chifukwa cha maliro amenewo. Briseida atabadwa, Nélida ndiye anamunyamula pa ubatizo n'kumumangirira njere ya wairuro padzanja ndi ulusi wofiira. Chaka chilichonse ankabwera ndi ulusi watsopano wotalikirapo, popeza kadzanja kankakula. Kuyambira tsiku la ubatizolo akazi awiriwa anasiya kuitanana maina. Anali komadre ndi komadre, monga amaitanirana mayi wobereka ndi mayi wa ubatizo, ndi ulemu wake wonse, ndipo kwa mwanayo Nélida anali madrina, mayi wake wa ubatizo.

"Komadre, ine za azungu anuwo sindikuzidziwa," anatero Zoraida tsiku lomwe ankalembetsa mwanayo m'kafukufuku. "Ndikumupereka kwa inu. Koma mumupatse weniweniyo, osati madziwo."

"Sindingasankhe, komadre. Amasankha ndi makina. Ngakhale ineyo sindidzadziwa."

"Eya, eya, makina," anatero Zoraida akutsinzina diso limodzi, ngati munthu amene wamva zosanenedwa pagulu. Nélida anabwereza kangapo, koma anaona kuti mnzakeyo wasankha kale chokhulupirira, ndipo anamusiya. Zoraida anagona tulo zaka zinayi chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho.

Sabata ya chikondwerero cha San Juan, Zoraida anakwera ndi mwanayo kumudzi kwa amayi ake, kumtunda kwa mtsinje, kukaphika juane, mpunga ndi nkhuku zokulunga m'masamba, monga ankachitira chaka ndi chaka. Lachinayi masana foni ya Nélida inalira. Mawu ankadukaduka, chifukwa kumudziko netiweki imagwira pokhapokha ukaima pachitunda cha kuseri kwa tchalitchi.

"Komadre, mwana watentha thupi. Akuti mafupa onse akuphwanya, maso akuwawa m'kati. Sakudya, ngakhale madzi akukana."

"Wayamba liti?"

Funso limeneli dokotala aliyense akanalifunsa, ndipo palibe akanamunena. Koma Nélida anadziwa komwe lachokera. Lamulo la kafukufukuyo linali loti magazi atengedwe masiku asanu asanathe kuchokera pamene thupi layamba kutentha. Akachedwa, kachirombo kamakhala katatha m'magazi, labotale siingatsimikize, ndipo mwanayo, adwale chotani, sawerengedwa. Pakamwa pake sipanatuluke "ali bwanji" kapena "akukuzindikirani". Panatuluka funso la botolo.

"Lolemba," anayankha Zoraida. "Ndimayesa chimfine. Boti lalikulu lidutsa Loweruka, ndibwera naye pamenepo."

Nélida anapinda zala pansi pa tebulo. Tsiku lomaliza linali mawa.

"Ayi komadre, Loweruka n'kutali. Ndikutumizirani boti laliwiro lero lomwe. Mugone mutamanga katundu, mulawirire."

"Boti laliwiro? Komadre, amenewo ndi a mabwana a makampani a mafuta! Ife tikwera bwanji?"

"Zimenezo ndisiyireni ine. Inu muzingomupatsa madzi pang'onopang'ono."

Atadula foni anaimbira woyendetsa boti. Mantha anali nawo, mantha enieni, chifukwa nkhope ya Ítalo m'kabokosi koyera inamubwerera nthawi yomweyo. Koma pansi pa manthawo panali kanthu kena kofunda, kopepuka, komwe kankamunong'oneza kuti mwina ndi ameneyu. Chinali chiyembekezo. Anachizindikira bwinobwino.

Lachisanu m'mawa, tsiku lenileni la San Juan, pamene tauni yonse inkatsikira kumtsinje kukasamba madzi odalitsika, Nélida anali padoko. Woyendetsa boti anatsitsa Briseida atamunyamula m'manja, milomo itauma gwa, tsitsi litamatirira pamphumi. Mwanayo anatsegula maso pang'ono n'kunena kuti, "Madrina," basi. Kumbuyo kwake kunatsika Zoraida atasenza beseni lovindikira ndi nsalu.

"Komadre, nacho chiyaninso ichi pa nthawi ngati ino?"

"Juane. Nanga ndikanasiya? Ndatengera anzanu a kuntchito. Anthu akutisamalira mwana, ife tibwere chimanjamanja?"

Chipinda cha odwala cha kafukufukuyo chinali m'nyumba yomweyo ya ofesi, mbali ya kumsewu. Namwino anatenga magazi asanachite china chilichonse, anamata nambala pakabotolo, kabotolo n'kulowera ku labotale kopanda dzina. Kenako dokotala wa ana, mayi Rengifo, anapima mwanayo, n'kumuika diripi.

"Mwachita bwino kufika lero," anatero dokotalayo. "Matenda awa amaopsa pamene thupi layamba kuzizira, osati pamene likutentha. Mukanadikira Loweruka, zoopsazo zikanakupezani muli pamadzi."

Zoraida anagwira manja onse awiri a Nélida n'kuwapsompsona, misozi ikudontherapo. "Mwandipulumutsira mwana, komadre. Mulungu ankadziwa pondipatsa inu." Nélida anafuna kuwachotsa manjawo, koma analibe chifukwa choti anganene.

Masana onse anakhala akuyenda m'khonde, kuchoka pabedi la mwana kupita pachitseko cha labotale, kuchoka pachitseko kubwerera pabedi. Akakhala pabedi ankapukuta mwanayo thukuta n'kumapemphera kuti chikhale chimfine. Akafika pachitseko cha labotale pempherolo linkazirala lokha. Munthu ukhoza kunamiza wansembe, koma miyendo yako imadziwa komwe ikukutengera.

Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka, Wilder n'kutuluka manja ali m'mwamba.

"Tagwira! A Dokotala, tagwira! Ine ndasiya mowa wanga ukufunda kumtsinje chifukwa cha magazi amenewa, ndipo sindikudandaula. Ndi dengue, yeniyeni, yosachita kufunsa!"

Nkhani inayenda pa mafoni. Posakhalitsa anthu a mu ofesi anayamba kufika kuchokera kosamba, tsitsi lili lonyowa, ena atavala masilipasi, ena mchenga uli m'miyendo. Anadzaza kakhitchini kaja. Panali anamwino omwe anayenda m'matope zaka zinayi kusaka ana osamuka, panali oyendetsa maboti, panali atsikana olemba pa kompyuta. Ena ankalira ndithu. Onsewa ankangodziwa nambala. Namwino amene anatenga magazi ndi dokotala Rengifo, omwe ankadziwa kuti mwanayo ndi wa ndani, anali mbali ina ya nyumba, pabedi la wodwala.

Wilder anaika njere imodzi pasosala, anagwada ndi bondo limodzi ngati wotumikira pa Misa, n'kuipereka.

"A Dokotala, munayamba ndinu, mumalize ndinu."

Nélida akanatha kunena kuti mwanayo ndi wa ndani. Mawu ochepa akanakwanira, ndipo onse akanachita manyazi n'kubalalika. Koma anayang'ana nkhope zija, anaganiza za ana masauzande omwe tsopano sanabayidwe pachabe, anaganiza za Ítalo ndi ana ena omwe sadzalowanso m'timabokosi toyera. Anatola njereyo n'kuiponya. Inagunda galasi, inagwera pa zinzake, ndipo khitchini yonse inaphulika ndi m'manja ndi nthungululu. Tisamubisire: Nélida anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunali kochokera pansi pa mtima.

Atatembenuka anaona Zoraida ataima pakhomo, beseni lili m'manja.

"Eee, amayi a juane!" anakuwa Wilder, poyesa kuti ndi wogulitsa wa mumsewu. "Wakutumani ndi Mulungu. Bweretsani zonse, lero sitinenerera mtengo!"

"Kuli chiyani kuno?" anafunsa Zoraida akumwetulira, pofuna kusangalala nawo.

"Kuli phwando, mayi! Takhala tikudikira mwana mmodzi yekha kuti adwale, miyezi yonseyi tikupempherera, udzudzu ukutikana. Lero wadwala! Taonani botolo, zakwana."

Zoraida anayang'ana botolo lija kwa nthawi. Njerezo ankazidziwa, nanga si imodzi inali padzanja la mwana wake.

"Njere iliyonse ndi mwana?"

"Mwana mmodzi, njere imodzi. Masamu a bwana athu awa, sasokonekera."

"Ndiye yomwe yangogwayo ndi wanga."

Wilder anatsala kukamwa kuli yasa, sosala ili m'manja. Zoraida analowa, anaika beseni patebulo mosamala, anavundukula nsalu n'kuipinda bwinobwino.

"Idyani," anatero. "Ndinaphikira inu." Ndipo anatuluka.

Nélida anamupeza m'khonde.

"Komadre, taimani ndikufotokozereni."

"Ndaima. Fotokozani."

Anafotokoza. Ananena za zana, za eni ndalama, za ana onse omwe akanabayidwa pachabe. Ananena kuti palibe amene anadwalitsa Briseida, kuti udzudzu suwerenga masamu, kuti anthu ajawo sankasangalalira matenda koma yankho. Zonse zinali zoona, ndipo zonse zinkamveka ngati zowiringula za mwana wogwidwa dzanja lili mumphika. Kenako anati, "Kuti pasadzakhalenso Ítalo wina."

"Dzina limenelo musalitchule," anatero Zoraida motsitsa mawu. "Ndiye kuti simunamupatse weniweni uja."

"Sindikudziwa chomwe analandira, komadre. Ndinakuuzani tsiku lija."

"Munandiuza, zoona. Wopusa ndine." Anapukuta manja pachovala chake ngakhale anali ouma. "Koma ndifunseko chimodzi. Boti lija, munatumira mwana, kapena munatumira magazi ake?"

Nélida anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Nthawi yomweyo namwino anasuzumira pakhomo la chipinda cha odwala n'kuitana kuti mwana akusanza, ndipo Zoraida anathamanga, funso n'kutsala m'khondemo.

Zomwe ananena dokotala zinachitikadi. Loweruka thupi linazizira, ndipo pamodzi ndi kuziziraku kunabwera kupweteka kwa m'mimba, manja ozizira ngati a munthu wochokera m'madzi, ndi magazi m'usinini. Dokotala Rengifo sanachoke pabedipo. Nélida anakhala pabenchi panja pa chitseko. Zoraida sanamuthamangitse, komanso sanamuyang'ane. Ankamudutsa ngati mmene umadutsira mzati. Kamodzi kokha anaima n'kunena, maso ali kukhoma, kuti, "Mwana akukuitanani." Nélida analowa, anagwira kadzanja komwe kanali ndi ulusi wofiira, ndipo apo sanaganize za botolo ngakhale pang'ono. Akanapatsidwa mwayi akanaliphwanya, akanataya zaka zinayi zonse, kuti kadzanjako kafunde. Koma kupempha kotere n'kosavuta botolo likakhala litadzaza kale, ndipo zimenezinso ankazidziwa.

Wilder anabwera Lamulungu atavala malaya a kutchalitchi. Anaima patali, chipewa chili m'manja, osanena nthabwala ngakhale imodzi. Pochoka analowa m'khitchini, anakhuthula njere zonse m'pepala, n'kukazitaya komwe anadziwa yekha.

Lachiwiri m'mawa Briseida anadzuka n'kupempha fulizesi wa chipatso cha aguaje. Anamwino anaseka ndi misozi, pakuti mwana wa dengue akayamba kupempha zakudya ndiye kuti imfa yabwerera. Patapita masiku ochepa anamutulutsa. Zoraida anathokoza dokotala, anathokoza anamwino mmodzimmodzi, anatenga beseni lake, n'kukwera njinga yamoto ya matayala atatu Nélida ali ku msonkhano. Foni anasiya kuyankha. Pamsika, Nélida akafika, ankapeza mlongo wake wa Zoraida pamalo pake, akuti mwiniwake wangochoka kumene.

Miyezi inayi yotsatira Nélida anagwira ntchito yomwe anaidikira moyo wake wonse, ndipo anaigwira bwino. Koma funso la m'khonde lija linkapita naye kulikonse. Yankho lokoma linalipo, losavuta, la liwu limodzi: mwana. Ndipo silinali bodza lonse. Vuto linali loti Nélida anaphunzitsidwa kusakhulupirira yankho chifukwa choti likukoma. Ntchito yake inali kufunsa kuti, chikanachitika n'chiyani pakanapanda chinachi? Botolo likanakhala lodzaza, kodi boti laliwiro likanapita?

Ndipo anali nacho choyerekezera. Zaka ziwiri m'mbuyomo, nthawi ya Khirisimasi, Briseida anatenthanso thupi ali kumudzi komweko. Nthawi imeneyo njere zinkagwa m'botolo sabata iliyonse, odwala sankasowa. Zoraida anaimba foni ataima pachitunda chomwecho, ndipo Nélida anamuuza kuti amupatse panado ndi madzi ambiri, abwere pa boti lalikulu likadutsa. Chinali chimfine, mwana anachira, nkhani inaiwalika. Nélida ankadziwa kuposa aliyense kuti chitsanzo chimodzi sichitsimikiza kanthu. Mwina ulendo uno mawu a Zoraida anamveka oopsa kwambiri. Mwina kukana madzi kuja n'komwe kunamudzidzimutsa. Mwina. Anazitembenuza uku ndi uku, ndipo sanapeze njira yolekanitsira ziwirizo.

Chinsinsi chitatsekulidwa, yankho linali loti ngakhale mwana wa pulayimale akanaliona. Mwa ana zana odwala aja, pafupifupi onse anali a madzi amchere. Katemera ankateteza. Briseida anali wa madzi amchere. Monga mwa lonjezo la kafukufukuyo, ana onse omwe analandira madzi anaitanidwa kudzabayidwa weniweni, ndipo tsiku loyamba mzere unatuluka pageti n'kukhota mumsewu, amayi atafunda maambulera poopa dzuwa.

Zoraida anali pamzerepo. Anali wokwiya, koma sanali wopusa. Briseida ataona Nélida anachoka pamzere n'kumukumbatira m'chiuno. Anali atatalika, masaya atabwerera, ulusi wofiira uja utayamba kumuthina.

"Madrina, mwasowatu! Amayi akuti munapita ku likulu, ku Lima."

"Ndinatanganidwa, mwana wanga. Pita ukabayitse, usalire."

"Ine kulira? Ndabayidwa kambirimbiri kuposa onsewa!"

Mwanayo atalowa, akazi awiri aja anatsala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti. Zoraida anali atachepa thupi. Anayang'ana mzere wa amayi, kenako anayang'ana mnzake kumaso, koyamba chichokere tsiku la San Juan.

"Ndamva kuti mankhwala anu agwira ntchito."

"Agwira, komadre."

"Ndi zabwino. Ndikunena zoona, ndi zabwino. Amayi onsewa sadzaona zomwe ndinaona ine." Kenako anati, "Funso langa lija simunandiyankhe."

Nélida anaona m'maso mwa Zoraida kuti sanabwere kudzamenya nkhondo. Anabwera atatopa ndi mkwiyo, akufuna pomutulira. Liwu limodzi likanakwanira, ndipo Lamulungu likudzalo akanakhala pakhonde la ku Belén akudya nsomba yootcha, iye akumanga ulusi watsopano. Analifuna Lamulungu limenelo kuposa chilichonse chomwe anafunapo. Koma iye anali atamusiya kale Zoraida zaka zinayi akugona tulo pa chinthu chomwe sichinali choona, ndipo anaona komwe zinathera.

"Sindikudziwa, komadre," anatero. "Ndafufuza mumtima mwanga miyezi yonseyi. Mwana ndinamuopera, Mulungu ndi mboni. Koma magaziwo ndinkawafunanso. Zinali pamodzi, ndipo sindingathe kukuuzani kuti chinatumiza boti n'chiti. Mwina pakanapanda botolo lija ndikanakuuzani kuti mudikire Loweruka."

Zoraida anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti botolo lanulo ndi lomwe linandipulumutsira mwana."

"Mwina."

"Mwina," anabwereza Zoraida, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe. Misozi inalengeza m'maso mwake koma sanailole kugwa. "Mukanangonena kuti mwana, ndikanakhulupirira. Ndinachoka kunyumba nditakonzeka kukhulupirira. Inu simutha kunama ngakhale pomwe bodza likanatithandiza tonse?"

"Ndinakusiyani mukhulupirire kamodzi, komadre. Sindingabwerezenso."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinakusankhani pa ubatizo, ndinkati uyu sadzanamiza mwana wanga." Anapumira m'mwamba. "Koma ine ndikamakuonani mukumugwira dzanja, ndizidzangoona mukuwerenga. Sindingakwanitse."

Briseida anatuluka akuthamanga, kathonje kali paphewa, akunyadira kuti sanalire. Zoraida anamukoka pafupi.

"Bwera kuno, ulusiwu wakuthina, ukutupitsa dzanja."

Anawerama, anaudula ndi mano monga amadulira ulusi wa ukonde, njere n'kugwera m'chikhatho chake. Anatenga dzanja la Nélida, lomwe lija analipsompsona, anaikamo njereyo n'kupinda zala zake pamwamba pake.

"Tiye tizipita. Tsanzika a Dokotala."

"Si a Dokotala, ndi madrina," anatero mwanayo akuseka. "Madrina, mubweretsa ulusi wina Lamulungu?"

Nélida anayang'ana Zoraida. Zoraida anali akuimitsa kale njinga yamoto. Mwanayo anakwera akudikirabe yankho, anabayibitsa mpaka njingayo inakhota pakona, ndipo Nélida anakweza dzanja lomwe linalibe kanthu.

Analowa mu ofesi kudzera pakati pa amayi omwe ankamupatsa moni ndi kumudalitsa, ena akumugwira malaya. Anapitirira mpaka m'kakhitchini. Botolo lija linali pa shelefu pomwe paja, koma wina anali atalitsuka n'kuikamo shuga. Anaima pamenepo nthawi yaitali, njere ili m'manja, osadziwa poiika.